Nyali ya Filipo ndi Sanda ya Che Ibrahimu

Filipo sanali dokotala, sanalinso dresala womanga mabala. Pa chipatala cha boma ku Nkhotakota, m'masiku amene azungu ankalemba kuti Kota Kota, iye anali pansi pa madresala, pamwamba pang'ono pa otchetcha udzu. Ntchito yake inali yosamala nyali ya zithunzi.

Anabadwira kwa Malengachanzi, m'banja la asodzi olimanso mpunga. Ku sukulu ya mishoni anafika Sitandade 3. Anamuyesa uphunzitsi chaka chimodzi, koma mawu ake sankapitirira benchi yachitatu, moti ana akumbuyo ankangoona milomo ikuyenda. Atamuchotsa m'kalasi anamupatsa nyali za m'tchalitchi kuti azipukuta ndi kudula zingwe zake, ndipo anakhala nazo zaka zisanu ndi zinayi osaswa galasi ndi limodzi lomwe. Mbiri imeneyo ndiyo inamulowetsa ntchito ya boma mu 1931, pamene chipatala chinalandira nyali ya zithunzi koma n'kusowa woigwira.

Nyaliyo inali bokosi lachitsulo lakuda, lalikulu ngati chitini cha palafini, lokhala ndi diso lagalasi kutsogolo. Moto wake unkachokera ku kabayidi, timiyala totuwa tonunkha ngati adyo wowola, timene madzi akatidonthera timatulutsa mpweya woyaka mowala kwambiri. Zithunzi zinali pa magalasi aang'ono ngati chikhatho. Munthu ankalowetsa galasi mozondotsa, chithunzi n'kukaima chilili pa chinsalu choyera, chachikulu kuposa chitseko. Dokotala ankaima pambali ndi ndodo n'kumalankhula, dresala akumasulira. Filipo ankakhala kumbuyo mumdima. Ndodo ikagogoda pansi kamodzi, iye ankasintha galasi. Ntchito yooneka inali yomweyo, ndipo anthu ambiri ankaganiza kuti amadya ndalama za boma kwaulere.

Ntchito yeniyeni inkachitika anthu asanafike. Ankayala mphasa n'kundandalika zonse: nyali, kathanki ka kabayidi, mpira wodutsa mpweya, nthenga ya nkhuku yopukutira diso, botolo la madzi osefa, machesi okulunga m'chikopa. Chitini cha kabayidi ankachimata ndi phula. Anali ndi lamulo lakenso lakuti bokosi la magalasi silitsekulidwa pena paliponse koma m'chipinda chowonetsera, chinsalu chitapachikidwa kale, chifukwa galasi limasweka pamene munthu akulionera padzuwa mwachidwi.

Analakwitsapo kamodzi. Mu 1935, pa ulendo wa ku Benga, funde linalowa m'ngalawa, phula linali litang'ambika, kabayidi yense n'kusanduka phala. Anthu oposa mazana awiri anakhala mumdima kudikira zithunzi zosabwera. Dokotala, mzungu wosachedwa kuyang'ana wotchi, sanakalipe. Anangoti zikadzachitikanso, nyali idzapita ku Dowa kumene akuipempha, ndipo Filipo adzapatsidwa zina zochita. Filipo anamva, ndipo mawuwo anawasunga.

Mu February chaka chotsatira, dokotala ali pa ulendo wa ku Dwangwa, anatumiza kalata. Lachinayi, nthawi ya teni koloko m'mawa, adzalankhula za njoka za m'mimba kwa mafumu, mashehe, aphunzitsi ndi azamba. Inayenera kukhala m'mawa kuti ochokera kutali abwerere mitsinje isanadzaze ndi mvula ya masana. Bokosi latsopano la magalasi linali litafika kale ndi amtengatenga. Dokotala mwini adzafika Lachinayi lomwelo, ndipo akufuna kupeza zonse zili m'malo.

Kuonetsa zithunzi masana kumafuna mdima wochita kupanga. Filipo anapempha shedi ya mpunga ya kudoko, imene inali yopanda kanthu popeza kukolola kunali kutali. Lolemba anasesa ndi kuthamangitsa mileme. Lachiwiri anatseka mawindo ndi masaka, ming'alu ya pansi pa denga n'kuitsekera ndi masamba a nthochi, kusiya kampata kumbuyo kuti anthu asakomoke. Anabwereka mabenchi kusukulu, nayala mikeka kumanzere kwa amayi. Anayeza mapazi khumi ndi asanu ndi atatu kuchokera kukhoma, n'kuikapo tebulo la nyali. Madzulo ake anapita kusitolo ya chipatala kukatenga chinsalu.

Atatsekula bokosi anapeza dothi. Chiswe chinali chitaboola pansi pa bokosilo n'kudya chinsalu kuyambira mkati, kusiya mphonje za m'mbali ndi zingwe zomangira. Anakumbukira bwino lomwe kuti mu January denga litayamba kudontha, anatsitsa yekha bokosilo pa shelefu n'kuliika pansi pakona youma, akuti adzalibweza mvula ikadukiza. Panalibe wina womuloza chala.

Chipatala chinalibe nsalu zoyala pabedi, odwala ankafunda mabulangete ofiira. Kwa amwenye bafuta anali atatha, kunatsala khaki ndi biliwita, ndipo watsopano ankayembekezeka ndi sitima ya sabata yamawa. Lachitatu m'mawa Filipo anaganiza za thanga la ngalawa, nalunjika kwa Che Ibrahimu.

Che Ibrahimu anali nkhalamba yachisilamu ya m'tauni yakale, mwini ngalawa imene inkanyamula Filipo ndi mabokosi ake m'mbali mwa nyanja. Anali atasiya kuyenda panyanja chifukwa cha mwendo, ngalawa n'kusiyira mwana wake Fakiri. Filipo anawapeza pakhonde akupota chingwe.

"Bwana Nyali! Lero mwabwera manja lendelende. Akuchotsani ntchito?"

"Sanandichotse, Che Ibrahimu. Kapena mawa."

Anafotokoza za chiswe, napempha thanga.

"Thanga langa lija? Lili ndi zigamba kuposa buluku la mphunzitsi wa mishoni. Ndiponso ndi lofiirira ngati madzi a m'dambo. Chithunzi chanu chikagwerapo chidzatuluka chikununkha usipa."

"Ngakhale lotero ndiliyese."

"Lili ku Benga ndi Fakiri. Abwera Loweruka."

Nkhalambayo inamuyang'ana Filipo kanthawi, kenaka inatembenukira kukhomo n'kuitana mkazi wake, mayi Habiba.

"Amake Fakiri, tatulutsani bokosi lija."

"Liti?"

"La ulendo."

Mayi Habiba anatulukira pakhomo, manja ali ndi ufa wa mpunga. "Abambo a Fakiri, mutu wayamba liti kuzungulira?"

"Tatulutsani, mlendo aone."

M'bokosimo munali sanda, nsalu yoyera imene Msilamu amakulungidwamo poikidwa m'manda. Che Ibrahimu anaigula kutsidya kwa nyanja zaka khumi ndi ziwiri m'mbuyomo, akadali ndi mphamvu, kuti ana asadzavutike tsiku lake likafika. Inali zidutswa zitatu zikuluzikulu, zosasokedwa, zonunkhira lubani. Chaka chilichonse mayi Habiba ankaiyanika pamthunzi n'kuipindanso. Filipo anali asanaonepo nsalu yoyera choncho.

"Iyayi, Che Ibrahimu. Imeneyi sindingathe."

"Bwanji? Ine mawa sindifa, inshallah. Ndipo ndikafa, kudoko si kutali, mudzangothamanga nayo."

"Tamverani pakamwapo," anatero mayi Habiba. "Munthu wa imvi."

Che Ibrahimu anapitiriza: "Ikhalitsa mumdima kumene ikupitako, ioneko kaye za dziko. Zija munationetsa chaka chatha, Bwana Nyali, masitima a panyanja yamchere, ndi mlatho uja wautali ngati njira ya ku Dowa."

"Mawa si za masitima. Ndi za njoka za m'mimba."

"Njoka si kanthu. Kumandako nazonso ziliko, izolowere."

Filipo anadziwa kuti akuyenera kukana kachiwiri, koma anaganiza za Dowa, ndipo sanakane. Za m'bokosi latsopano sankazidziwa, pakuti anali asanalitsekule. Ankayesa kuti mudzakhala monga mwa nthawi zonse, mabotolo a mankhwala ndi anamwino ovala zoyera.

Mayi Habiba ataona kuti mwamuna wawo satembenuka, anaika malamulo awo. Msomali usaibowole. Isakhudze pansi. Utsi usaifike. Woipachika akhala iwo eni, atasamba m'manja, ndipo mawa ibwere kunyumba isanakwane swala ya alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka. Anaisenza okha mpaka kushedi. Filipo anamangirira nsungwi yosalala kumitanda ya denga, naipukuta kawiri, ndipo mayiwo anakoloweka zidutswa zitatuzo motsatana, m'mphepete mukupitana pang'ono kuti pasaoneke mpata. Anabwerera m'mbuyo, naiyang'ana.

"Ndili ndi mpunga pamoto," anatero potsiriza. "Inu a mishoni, m'manja mwanumo mukhale kutali."

Atachoka, Filipo anatseka chitseko, nadontheza madzi pa kabayidi, nayatsa. Kuwala kunagwera pa sanda. Chinsalu chakale chinali chitayamba chikasu, ndipo iye anali atazolowera osazindikira. Apa kunali kuyera kwenikweni. Anatsekula bokosi latsopano, napukuta galasi loyamba ndi nthenga, nalilowetsa.

Linali la mwana wotupa mimba, nthiti zikuwerengeka. Chithunzicho chinatuluka chakuthwa kuposa chilichonse chimene anaonetsapo zaka zisanu. Lachiwiri linali la mapazi opanda nsapato pamatope. Lachitatu njokayo, yokulitsidwa, kukamwa kuli mbedza. Filipo anayamba kuona nkhope ya dokotala mawa, osayang'ana wotchi. Analowetsa lachinayi. Panali munthu atanjuta patchire kuseri kwa nyumba, nsalu atakwinyira m'chiuno. Dzanja linali litazolowera, moti lachisanu linalowa mutu usanaganize. Zimene munthu uja anasiya patchirepo zinadzaza sanda yonse kuchokera ku nsungwi mpaka m'munsi, ntchentche zili pamwamba, iliyonse yaikulu ngati nkhuku.

Anatseka diso la nyali ndi chikhatho, galasi lotentha n'kumuwotcha.

Atasolola chithunzicho n'kuphimba disolo, anakhala pa benchi mumdimamo. Magalasi otsalawo anawaonera pa kuwala kwa dzuwa kolowera pa kampata ka kumbuyo, limodzilimodzi, kuphwanya lamulo lake lomwe. Mwa makumi awiri ndi anayi, asanu ndi anayi anali a zomwezo. Nkhani yonse ya dokotala inagona pamenepo, kuti njokazi zimachokera m'zonyansa za patchire n'kulowera kumapazi, choncho anthu akumbe zimbudzi. Kuchotsapo magalasiwo kunali kuchotsa nkhaniyo.

Anadziuza kuti kuwala sikudetsa nsalu. Anatsekula chitseko pang'ono, nayang'ana, ndipo inalidi yoyera monga inabwerera. Kusukulu anaphunzira kuti chithunzi ndi mthunzi chabe. Koma anali atayenda ndi Che Ibrahimu m'ngalawa maulendo ambiri, ndipo anawaonapo akusintha nsalu yonse chifukwa cha kadontho kamodzi ka mkodzo wa mbuzi, asanaswali. Mawa m'shedimo mudzakhala mashehe, anthu omwewo amene tsiku lina adzasambitsa thupi la nkhalambayo n'kulikulunga. Ndipo mayi Habiba anali atadutsa nayo pamsika pamutu. Pofika madzulo tauni yonse idzakhala ikudziwa kuti nsalu ya kushedi ndi ya yani.

Anazimitsa nyali. Anapita kukasamba m'manja ndi sopo wa chipatala kuti atsitse sandayo yekha, ngakhale anauzidwa kuti asaikhudze, chifukwa kuitana mayi Habiba kuti adzaitsitse kukanafuna kufotokozera pamsewu. Anaipinda monga momwe iwo anaipindira, naikulunga mu mkeka watsopano.

Anawapeza onse awiri pakhonde.

"Msanga chotere?" anafunsa Che Ibrahimu. "Yachepa?"

"Yakwana bwino. Koma zithunzi zake si zoyenera." Anafotokoza zonse, mawu ali pansi, osasiyako za galasi lachisanu.

Mayi Habiba anaika manja pamutu. "Astaghfirullah! Ndinanena ine. Ndinanena, abambo a Fakiri!"

"Zinagwerapo kale?" inafunsa nkhalambayo. Kuseka kunali kutachoka pankhope.

"Zinagwerapo."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Ngati kupuma kawiri."

"Anaona ndani?"

"Ine ndekha."

Che Ibrahimu anatola chingwe chawo, nachipota pang'ono, nachisiyanso. "Ine ndinati ione masitima. Inu mwaionetsa matako a munthu."

Palibe anaseka. Mayi Habiba analanda mtolowo m'manja mwa Filipo. "Ndiichapa katatu. Ndipo mwaigwira ndi manja anu, sichoncho?"

"Ndinasamba, mayi."

"Kanayi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

"Ndidzafunsa shehe ngati kuwala kuli najisi," anatero Che Ibrahimu, kutanthauza chodetsa. "Koma ndidzafunsa ngati nkhani ya munthu wina wa ku Benga. Nanga inu mawa?"

"Ndiona."

"Mukanangokhala chete mpaka mawa, bwenzi ntchito muli nayo."

"Bwenzi ndili nayo," anavomera Filipo, natsanzika.

Chimene chinatsala chinali khoma lenilenilo. Ku chipatala kunali njereza yopaka miyala ya m'mbali mwa njira. Anatenga ndowa ziwiri, nasungunula, namanga burashi ya udzu. Khoma la shedi linali la njerwa zomata dothi, ndipo linamwa njereza yoyamba yonse ngati silinapakidwe. Anapakanso kachiwiri, kenaka kachitatu. Njereza yaiwisi imakhala yotuwa, imayera ikauma, ndipo kunja mvula inali itayamba. Anabwereka mbaula ziwiri, nayatsira makala panja kuti utsi uthe, n'kuziika patsinde pa khoma.

M'mawa wa Lachinayi anapeza khoma lagawika pawiri. Kuyambira pamutu pa munthu kupita kumwamba linali loyera. M'munsi monse munali motuwa, pena mwa mawangamawanga, chifukwa chinyezi chinkakwera kuchokera pansi. Filipo anasanja njerwa zinayi patebulo, nakweza nyali, naipendeketsa kuti iloze kumwamba. Chithunzi chinakwera, koma sichinakwane chonse pouma, ndipo chinatambasuka kumtunda n'kupanikizika kumunsi. Anayesa kusendeza tebulo kutsogolo, chithunzi n'kuchepa moti akumbuyo sakanaona. Analibweza pakale. Anthu anali atayamba kufika.

Dokotala analowa teni koloko itatsala pang'ono, matope ali m'mabondo. Anayang'ana khomalo, nayang'ana Filipo, koma shedi inali itadzaza kale, ndipo anangotenga ndodo yake. Dresala Sailesi, womasulira, anaima pambali pake. Chitseko chinatsekedwa.

Nyali inayaka bwino, ndipo sinaphethire mpaka kumapeto. Magalasi onse analowa m'ndondomeko yake, palibe lozondoka. Koma mwana wa m'galasi loyamba anatuluka ndi mutu ngati mtsuko, timiyendo tikuzimirira m'khoma lotuwa. Pa galasi la mapazi, pamene dokotala anafuna kuloza polowera njoka, panali chimtambo chabe. Anagogoda pakhomapo ndi ndodo, njereza yaiwisi n'kumatirira kunsonga.

"Bwana akuti njokazi zimalowera apa, kumapazi," anatero Sailesi.

"Mapazi ake ati?" anafunsa mzamba wina kumikeka. "Ife tikuona mawondo."

"Ndiye kuti odwalawo alibe mapazi, a dresala?" anawonjezera mphunzitsi wina kumbuyo. "Nanga njoka zilowera pati?"

Shedi yonse inaseka, ndi mashehe omwe. Sailesi anavula nsapato yake, nakweza phazi m'kuwala kwa nyali, naloza pakati pa zala. Anthu anasekanso, koma anaona. Dokotala anapitiriza mpaka galasi lomaliza, nayankha mafunso a zimbudzi, makamaka lakuti mkamwini angalowe bwanji chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake. Anthu anatuluka akukambirana, mvula isanayambe.

Atatsala atatu, dokotala anafunsa za chinsalu. Filipo anayankha m'Chingerezi chake cha kusukulu kuti chinadyedwa ndi chiswe, ndipo kuti anaika bokosilo pansi ndi iye mwini.

"Tauni yonseyi munalibe nsalu yoyera?"

Sailesi, amene anali atamva kale za kumsika, anamugunda ndi chigongono. "Auzeni za sanda ija, achimwene," ananong'ona m'Chichewa. "Mwina amva chisoni."

Filipo anaganiza za mzunguyo akukaifotokoza nkhaniyo kwa anzake pa tiyi, dzina la nkhalamba lili momwemo.

"Munalibe yoti ndikanagwiritsa ntchito, bwana," anatero.

Dokotala anayang'ana wotchi. Anati mwezi ukatha nyali ipita ku Dowa, ndipo Filipo azitsuka mabotolo ku chipinda cha mankhwala. Sanakweze mawu, ndipo Filipo sanapemphe kuti aganizenso.

Tsiku lonyamula, analongedza yekha. Pakati pa magalasi anaikamo thonje, diso la nyali analikulunga m'flanelo, chitini cha kabayidi anachimata phula latsopano kawiri. Analemba pepala la malangizo kwa munthu wa ku Dowa amene sankamudziwa, la momwe madzi ayenera kudonthera, ndi kuti mpira wa mpweya uli ndi mng'alu pafupi ndi kathanki, aziumanga ndi ulusi. Anaperekeza amtengatenga mpaka kunja kwa tauni, akuwakumbutsa kuti bokosi la magalasi lisagonekedwe chammbali.

Ku chipinda cha mankhwala anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankawiritsa mabotolo mu mgolo wodula pakati, kuwatsuka ndi mchenga wa kunyanja, n'kuwayanika chozondotsa pa thandala, aakulu kumanzere, aang'ono kumanja. Atapuma ntchito mu 1955 anabwerera kwa Malengachanzi, kumene analima mpunga pa dimba la malemu atate ake mpaka maso atayamba kuchita khungu.